Thandizo la kunja: njira ziti zimatisiyira kanthu, ziti zimangodutsa ngati mame?

Lachiwiri lapitali tinali pa msonkhano wa komiti ya chitukuko kudera kwathu kuno, m'kalasi ya pulayimale, mvula ya ku Mzuzu ikuchita zake zija zongowaza tsiku lonse osakata, nde mkangano unabuka pa nkhani ya madzi. Ena akuti tilembe kalata kubungwe lina la kunja litimangire thanki ya sola, ena akuti ayi tipite kukhonsolo, mnyamata wina akuti boma lingokabwereka ku China ngati mmene linachitira ndi sitediyamu zinthu ziziyenda. A gulupu anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangoti, "Ana anga, mlendo ndi mame. Musanapemphe muyambe mwadzifunsa kuti dzuwa likatuluka patsala chani." Mawu amenewa sanandichoke m'mutu, ndipo ndi amene andikhazika pansi kuti ndiyerekeze njira zomwe mayiko olemera amagwirira ntchito ndi mayiko ngati lathu, chifukwa timangoti thandizo thandizo ngati ndi chinthu chimodzi, pamene njira zake ndi zambiri ndipo sizifanana mpang'ono pomwe.

Tigwirizane kaye chimodzi. Kupatsa n'kuika. Palibe dziko limene limatulutsa ndalama za misonkho ya anthu ake popanda chimene likufuna, kaya ndi voti ku United Nations, kaya msika wa katundu wake, kaya ntchito za makampani ake, kaya kungofuna kuti matenda athere komwe ayambira. Ine sindiona cholakwika pamenepo, bola ifenso tizilowa m'chipindamo tikudziwa chimene tikufuna.

Njira imene ife a ku Mzuzu timaidziwa bwino kwambiri ndi ija yoti dziko lina libwera, limanga chinthu ndi ndalama zake, likupatsani makiyi, osabweza ngakhale tambala. Chipatala chathu chachikulu cha Mzuzu Central chinabwera motero, anamanga ndi a ku Taiwan ndipo chinatsegulidwa mu 2000. Amene munabadwa mochedwa simungamvetse kuti kale munthu wa ku Chitipa kapena ku Karonga akadwala matenda aakulu ulendo unali wa ku Lilongwe. Mlatho wa South Rukuru pa M1 ku Rumphi anamanga a Japan, Tedzani IV yomwe inawonjezera magetsi pafupifupi mamegawati 19 mu 2021 ndi a Japan omwewo, ndipo msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, makilomita pafupifupi 100 omwe kale nthawi ya dzinja unali ulendo wogonera panjira, anamaliza ndi a China. Ubwino wake ukuonekeratu ndi maso, chinthu chilipo, mutha kuchikhudza, ndipo mdzukulu wanu sadzalipira ngongole yake.

Koma njira imeneyi ili ndi minga iwiri. Woyamba ndi ndale. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasiya ubale ndi Taiwan, womwe unayamba mu 1966, n'kupita ku Beijing, ndipo kumayambiriro kwa 2008 madokotala a ku Taiwan omwe ankagwira ntchito pa Central, kuphatikizapo ku Rainbow Clinic komwe anthu ankalandira ma ARV, anapakira katundu n'kumapita. Chiganizo chinapangidwa ku Lilongwe, koma amene anachimva m'thupi ndi wodwala wa ku Chibavi ndi wa ku Mchengautuwa. Pambuyo pake kunayamba kubwera magulu a madokotala a ku China, zoona, komabe phunziro lilipo lakuti zipupa zinatsala, anthu odziwa ntchito aja sanatsale. Munga wachiwiri ndi wokonza. Wokupatsa nyumba sakulipirira magetsi, sakugulira mankhwala, ndipo makina akaonongeka nthawi zambiri sipeya yake ili kudziko komwe anachokera. Onjezani apo kuti pa mphatso zambiri zotere kontirakitala wamkulu amachokera kudziko lopereka lomwelo, nde gawo lina la ndalama limabwerera komwe linachokera, anyamata athu n'kutsala ndi ntchito yokankha wilibala. Ngakhale zili choncho, pa zinthu zosabweretsa ndalama monga chipatala, sukulu ndi mlatho wa kumudzi, ine njira imeneyi ndimaiika patsogolo pa ngongole, chachikulu ndi chakuti pa tsiku losainirana tizifunsa kuti mainjiniya athu angati aphunzitsidwe, komanso bajeti yokonzera ichokera kuti.

Tibwere ku ngongole, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri timasokoneza. Timamva pa wailesi kuti dziko lakuti latimangira chakuti, tikuomba m'manja, osadziwa kuti ndi ngongole. Bingu National Stadium yomwe inatsegulidwa mu 2017, yunivesite ya MUST ku Thyolo, ndi malo a misonkhano a BICC ku Lilongwe zinamangidwa ndi ngongole za ku China, pamene nyumba ya malamulo yomwe inatsegulidwa mu 2010 ndi imene inali mphatso. Ngongole zotere chiwongoladzanja chake chimakhala chochepa ndipo amakupatsa zaka zingapo zopuma usanayambe kubweza, koma kubweza kulipo, ndipo sabweza m'makwacha. Apa ndi pamene pali ululu wonse. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itatsitsidwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kutanthauza kuti ngongole yomweyo, osabwerekanso kanthu, inakula m'makwacha usiku umodzi, ndipo ndalama zakunja zobwezera ndi zomwezija timazisowa pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala.

Sindikunena kuti ngongole ndi yoipa, ayi. Kwerani minibasi pa depoti mupite ku Nkhata Bay. Amene mukukumbukira msewu wakale uja, kaphula kopapatiza kodyeka m'mbali, makona oti mukakumana ndi lole mtima umafika kukhosi, mukudziwa kusiyana kwake ndi wa pano womwe unamangidwa ndi ndalama za African Development Bank n'kutha cha mu 2018. Amayi a nthochi, chinangwa ndi usipa amafika mumsika wa Mzuzu katundu asanafote, alendo amafika kunyanja msanga, imeneyo ndi ngongole yomwe ikugwira ntchito tsiku lililonse. Nkhokwe za mafuta za ku Sonda zinamangidwa ndi ngongole ya ku India, ndi chinthu chofunika, ngakhale nkhokwe payokha sikugulira mafuta oikamo. Koma ngongole ina ya ku India komweko ndi imene inagula mathirakitala oposa 170 omwe amayenera kuthandiza alimi ang'onoang'ono, ndipo lipoti la Ombudsman la mu 2016 linapeza kuti ambiri anagulitsidwa motchipa kwa akuluakulu. Wobwereketsa mmodzi, zotsatira ziwiri zosiyana kutalitali. Nde vuto silinali ku New Delhi, linali m'manja mwa amene analandira.

Pali mtundu wina wosakaniza, gawo ngongole gawo mphatso, monga ntchito yokonza M1 kuchokera cha ku bwalo la ndege la Kamuzu mpaka ku Chiweta yomwe inakhazikitsidwa mu 2022 ndi ngongole ya European Investment Bank pamodzi ndi thandizo la EU. Pa msewu ngati umenewu ndimavomereza ndi mtima wonse, chifukwa mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadutsa pomwepo, khofi wa ku Misuku ndi ku Phoka amadutsa pomwepo, mpunga wa ku Karonga pomwepo, ndipo aliyense amene anagonapo pa Chiweta chifukwa thiraki yatseka msewu pa makona aja akudziwa mtengo wa msewu woipa.

Tikayang'ana mayiko omwe chuma chawo chakwera msanga, nkhani ya ngongoleyi imamveka bwino. China yomwe lero ikutibwereketsayi inalandira thandizo la Japan kuyambira 1979 mpaka 2022, ndalama zoposa mayeni 3 thiriliyoni, ndipo zambiri mwa izo zinali ngongole. Sanayambe ndi zinthu zodzionetsera, anaika pa njanji, madoko monga la Qinhuangdao lotumizira malasha, magetsi, zinthu zoti fakitale ipange katundu ndipo katunduyo afike pa sitima. Ku India, sitima za mumzinda za Delhi Metro zomwe zinayamba kuyenda mu 2002, gawo lalikulu la ndalama zake linali ngongole ya Japan, ndipo mainjiniya a ku India anaphunzirira pomwepo mpaka kumakalangiza mizinda ina. South Korea yomwe itatuluka kunkhondo mu 1953 inkadalira chakudya cha thandizo, mu 2010 inalowa m'gulu la mayiko opereka thandizo. Onsewa anabwereka, koma ankasankha okha chobwerekera, ndipo chinthucho chimabala ndalama zobwezera. Ife mu 2006 anatikhululukira ngongole zambiri zakunja pansi pa ndondomeko ya HIPC, tinapuma, lero tabwereranso m'matope omwe aja. Funso langa pa ngongole iliyonse ndi limodzi basi, chinthuchi chibweretsa dola kapena chipulumutsa dola? Ngati yankho ndi ayi, tipemphe mphatso kapena tidikire.

Njira ina ndi yoika ndalama mwachindunji m'bajeti ya boma. Pa pepala iyi ndi yabwino kuposa zonse, ndipo ndi imene mayiko anagwirizana ku Paris mu 2005 kuti thandizo lizidutsa mu ndondomeko za dziko lolandira, mwini dziko aziyendetsa yekha. Ndalama zotere zimalipira aphunzitsi, zimagula mankhwala, zimakonza zomwe ena anamanga, zinthu zopanda chikwangwani zomwe ma donor ambiri safuna kulipira. Panali nthawi yomwe pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yathu inkachokera kwa abwenzi akunja. Koma mpopi umenewu wotseka ali kutali. Mu 2011 boma litathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, a Britain anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo amene tinagona pa mizere ya mafuta chaka chimenecho tikukumbukira. Kenako Cashgate mu 2013, mabiliyoni a kwacha akutuluka ku Capital Hill kulipira makampani omwe sanagwire ntchito ina iliyonse, ndalama zikupezeka m'mabuti a galimoto, ma donor anatseka mpopi ndipo ambiri sanautsegulenso ngati kale. Amene anaba ndi ochepa, amene analangidwa ndi mayi yemwe anauzidwa kuchipatala kuti mankhwala kulibe akagule kufamase. Zimandiwawa chifukwa njira yomwe ikanalimbitsa boma lathu tinaiphwanya ndi manja athu. Pambuyo pake mayiko monga Norway, Germany ndi Britain pa zaumoyo anayamba kuika ndalama m'thumba limodzi loyang'aniridwa ndi owerengera ndalama apadera, ndi njira ya pakatikati, siyokoma kwa munthu wonyadira dziko lake koma ndikuimvetsa.

Mpopi wa bajeti utatsekedwa ndalama zambiri zinakhotera ku mabungwe omwe si aboma, ndipo njira imeneyi ndi imene timakumana nayo kwambiri m'madera mwathu, ma Land Cruiser oyera, zikwangwani m'mbali mwa msewu wa ku Ekwendeni, ma T-shirt a uthenga. Ndiyambe ndi kuyamikira, chifukwa pali anthu amoyo lero chifukwa cha njira imeneyi. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo pafupifupi ndalama zonse zogulira mankhwalawa zimachokera kunja, makamaka ku Global Fund, pamene PEPFAR ya America yomwe inayamba mu 2003 yakhala ikulipira alangizi, oyeza magazi, makompyuta a m'zipatala ndi anthu otsatira odwala omwe asiya mankhwala. Amene tinaona maliro a m'ma 1990, sabata iliyonse kumanda, sitingalankhule mopepuka za thandizo limeneli. Mabungwe amafika msanga, amafika kumene boma silifika, ndipo ndalama zawo zimalondolozeka bwinoko.

Koma pa 20 Januwale 2025 Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la kunja kwa masiku 90, ndipo pofika Julayi chaka chomwecho USAID, bungwe la boma la America loyendetsa thandizo la kunja, inali itatsekedwa. Anthu anauzidwa pa foni kuti mawa musabwere kuntchito. Ndili ndi mlamu wanga yemwe ankagwira ntchito yoyendera odwala m'midzi pa njinga yamoto, ankadziwa khomo lililonse, ankadziwa kuti agogo akuti akulera ana atatu omwe ali pa mankhwala, tsiku limodzi njinga anabweza, kaundula anatsekera mu kabati, basi. Britain nayo inatsitsa thandizo lake kuchoka pa 0.7 peresenti ya chuma chake kufika pa 0.5 mu 2021, ndipo mu 2025 inalengeza kuti litsikanso kufika pa 0.3. Nde amene akuganiza kuti zibwerera mwakale akudzinamiza. Vuto la njira ya mabungwe ndi lakuti imamanga nyumba yachiwiri pambali pa nyumba ya boma, namwino wabwino amachoka kuchipatala cha boma kupita kupulojekiti chifukwa malipiro ndi okwera, pulojekiti ikatha nyumba yachiwiriyo imagwa ndipo yoyamba ija yafooka kale. Nanga za ma alawansi ndinene chani, tafika poti msonkhano wokambirana za mjigo wa m'mudzi mwathu momwe anthu sabwera ngati kulibe ka envelopu, ndipo ndalama zomwe zikanakumba mijigo ingapo zimathera pa maphunziro a masiku atatu kunyanja ku Chintheche. Chizolowezi chimenechi tinachilandira ndi manja awiri ndipo chatidya.

Ndikuuzeni zimene zinatichitikira kumudzi kwa amayi anga. Bungwe lina linabwera, anthu abwino ndithu, anakumba chitsime, anaika pampu ya sola, thanki pamwamba pa nsanja ya zitsulo, mipopi inayi. Tsiku lotsegulira kunali magule, amayi anavina mpaka fumbi, ndipo kwa chaka ndi miyezi ingapo atsikana anasiya kudzuka 4 koloko kupita kudambo. Kenako kabokosi kena ka magetsi kanapsa. Palibe amene anaphunzitsidwa kukonza, nambala yomwe inali pa chikwangwani sinkagwiranso, titafufuza tinamva kuti pulojekiti inatha ndipo ogwira ntchito anabalalika. Ndinazungulira nako kabokosiko m'mashopu a mu tawuni muno nditakakulunga m'chitenje, aliyense akungopukusa mutu kuti mtundu uwu sitinauonepo. Lero thanki ija ili pompo, youma, ana amasewera pansi pake. Chodabwitsa n'chakuti chapafupi pomwepo pali mjigo wakale wa Afridev, wopopa ndi manja, wazaka zambirimbiri, ukugwirabe ntchito, chifukwa marabala ake ndi mabeyaringi amapezeka m'mashopu a hadiweya, ndipo pali bambo wina m'mudzimo amene amausolola ndodo zake n'kuukonza m'mawa umodzi. Mjigo umenewu mbiri yake inayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa m'ma 1980 usanakamalizidwe ku Kenya, ndipo anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kukonza okha. Zonse ziwiri ndi thandizo la kunja, koma wina anaganiza za tsiku lotsegulira, wina anaganiza za chaka chakhumi.

Njira ya MCC (Millennium Challenge Corporation), bungwe lina la boma la America, ndi mtundu wakewake. Amakupatsa ndalama zambiri zaulere pa chinthu chimodzi chachikulu, zaka zisanu zokha osawonjezera, koma uyambe wakhoza mayeso a ulamuliro wabwino ndi kulimbana ndi katangale. Mgwirizano woyamba unali wa madola 350 miliyoni pa magetsi, unayenda kuyambira 2013 mpaka 2018, anakonza Nkula A, anamanga mzere waukulu wa magetsi kuchokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma, ndipo kuno kumpoto mzere wochokera ku Chintheche kudzera pa Luwinga mpaka ku Bwengu, nsanja zake mumaziona mukamadutsa. Ntchito isanayambe n'komwe, mgwirizanowu unaimitsidwapo pambuyo pa zionetsero za 20 Julayi 2011, pomwe apolisi anaombera anthu ndipo anthu 20 anafa m'dziko muno, ambiri ndithu a kuno kwathu, ena agona kumanda a ku Zolozolo. Unabwezeretsedwa mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma. Pamenepa ndimavutika mumtima, chifukwa mbali ina ndimati ndi bwino kuti wina anaonetsa kuti magazi a anthu athu si madzi, mbali ina ndimati n'chifukwa chani mpaka tidikire wa ku Washington kuti anene zimenezo. Mgwirizano wachiwiri, wa madola 350 miliyoni omwewo, unasainidwa mu 2022 kuti umange misewu ya kumidzi kuphatikizapo wopita ku Euthini ku Mzimba, koma unagwa mu 2025 ndi kusintha kwa ndale ku America, ife osalakwa kanthu ulendo uno. Alimi a kumeneko anali atayamba kale kuwerengera.

Ndalama zopatsa anthu m'manja ndimazikonda, ndipo sindichita manyazi kunena. Mtukula Pakhomo anayamba mu 2006 ku Mchinji, lero ali m'maboma onse, amafikira mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, agogo olera ana amasiye, olumala, odwala. Anthu amati azimwera mowa, koma agogo omwe ine ndikuwadziwa anagula mbuzi imodzi, yunifolomu ya mdzukulu ndi malata awiri otseka pomwe pankadontha, ndipo ndalamayo inazungulira pa msika wa m'mudzi momwemo. Palibe amene amadziwa vuto la pakhomo kuposa mwini khomo. Kungoti ndalama za m'manja sizimanga mlatho, sizibweretsa dokotala, ndipo kwacha ikagwa zimasungunuka, komanso gawo lalikulu limalipiridwa ndi Germany, EU, Ireland ndi World Bank, boma lathu likuikapo pang'ono. Nde iyi ndi njira yogwira munthu kuti asamire, yokwezera dziko ndi ina.

Njira imene ndimaiona kuti timaipeputsa ndi yosinthana luso komanso ubale wokhalitsa ndi dera limodzi. Siioneka pa TV chifukwa palibe riboni yodula. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko ndi nzeru zomwe amasiya m'mitu ya anthu. A Japan akhala akutumiza anthu odzipereka kuno kuyambira 1971, aphunzitsi a masamu ndi sayansi, anamwino, amakanika, okhala m'nyumba wamba n'kumadya nsima ndi anzawo a kuntchito. A Iceland, kadziko ka anthu osakwana theka la miliyoni, anasankha Mangochi kuyambira 1989 ndipo akadali komweko, ndalama zawo zambiri akuzidutsitsa kukhonsolo ya boma lomwelo kuti izikonza mapulani ndi kulemba makontirakitala yokha, iwo akuyang'anira ndi kuphunzitsa. Scotland inasainirana nafe mgwirizano mu 2005, koma kuno kumpoto ubalewo ndi wakalekale kuchokera nthawi ya Robert Laws ku Livingstonia, ndipo umayenda sukulu ndi sukulu, mpingo ndi mpingo, chipatala ndi chipatala. Zaka makumi atatu pamalo amodzi munthu umadziwa kuti mfumu yakuti ndi yotani, mjigo uti umauma mu Okutobala, kalaliki uti ndi wokhulupirika, zomwe pulojekiti ya zaka zitatu singazidziwe. Kuipa kwake ndi kwakuti imachedwa, imafikira dera limodzi ena n'kumangoyang'ana, ndipo amene waphunzitsidwa bwino nthawi zina amakwera ndege kupita ku Manchester osabweranso.

Palinso njira ya mayiko atatu, dziko lolemera lipereka ndalama, dziko lomwe langokwera kumene monga Brazil kapena India lipereka luso, lachitatu lilandira. Nzeru yake ndi yabwino chifukwa amene wachoka mu umphawi dzulodzuloli amakumbukira njira. Koma taonani zomwe zinachitika kwa aneba athu ku Mozambique ndi ProSAVANA, mgwirizano wa Japan, Brazil ndi Mozambique womwe unayamba mu 2009 wofuna kutengera ulimi waukulu wa ku Cerrado, dera la ku Brazil, n'kuuika m'dera la njanji ya Nacala. Alimi ang'onoang'ono sanafunsidwe mokwanira, anaopa kulandidwa minda, anakana kwa zaka zambiri mpaka pulogalamuyo inatsekedwa mu 2020. Luso linalipo, ndalama zinalipo, chinasowa ndi kukhala pansi pa mtengo ndi eni nthaka.

Nde mukandifunsa kuti ndasankha iti, ndinena mosabisa. Pa chipatala, sukulu ndi madzi ndikufuna mphatso, koma ibwere ndi maphunziro a anthu athu ndi zipangizo zomwe sipeya yake ndingaipeze mu Mzuzu muno. Pa msewu wa malonda, magetsi ndi ulimi wothirira ndivomera ngongole yofewa, ikadutsa kunyumba ya malamulo poyera ndipo tonse tikudziwa chiwongoladzanja chake ndi chaka choyamba kubweza. Kwa agogo ndi ana amasiye, ndalama m'manja. Pa mankhwala opulumutsa moyo ndiye sindigona nazo tulo, chifukwa moyo wa anthu pafupifupi miliyoni imodzi omwe ali pa ma ARV sungamadalire chisankho cha dziko lina, boma lathu liyenera kumawonjezera gawo lake chaka ndi chaka ngakhale pang'onopang'ono. Ndipo pa onsewa, bwenzi lomwe ndingalisankhe ndi lija lokhala nafe nthawi yaitali n'kumadutsa pa khomo la khonsolo ndi la mfumu, ngakhale ndalama zake zikhale zochepa, kusiyana ndi lobwera ndi mamiliyoni n'kuzimiririka chaka chachitatu.

Kumsonkhano kuja tinamaliza mochedwa, kunja kutayamba kuzizira kwa ku Mzuzu kuja kolowa m'mafupa. Tinagwirizana kuti kalata kubungwe lija tilemba ndithu, koma tilembamo kuti tikufuna pampu ya mtundu womwe amakanika a mu tawuni muno akuudziwa, kuti achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, akhale nawo pa ntchito yonse kuyambira tsiku lokumba mpaka lolumikiza mawaya, komanso kuti kope ya mgwirizano ikasungidwe kuofesi ya zamadzi kukhonsolo kuti iwo akadzapita tidzadziwe kogogoda. Amayi ena omwe amasunga thumba la banki m'khonde anadzuka n'kunena kuti, "A gulupu, ndalama yokonzera tiyambe kusonkha mwezi uno, madzi asanabwere, khomo lililonse K1,000, ndipo ndizilemba m'buku loti aliyense aziona." A gulupu anati yewo amama, ndipo anayamba ndi iwo kutulutsa yawo m'thumba la jekete. Loweruka likubwerali tikukumananso 7 koloko, aliyense ndi khasu lake, tikayambe kulambula pamalo pomwe tikufuna thankiyo idzakhale.